Mmene Ndinadzutsira Makina a Mazira Ndili ku Tauni

Makina ofungatira mazira amene ali kuseri kwa nyumba ya azakhali anga ku Chipangali ndinapanga ndine. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa anthu ena, pofuna kundikomera mtima, amati anali makina ochokera kunja ndiye sanazolowere nyengo ya kwathu. Ayi ndithu. Bokosi lake linali filiji yakufa imene ndinapempha kwa wokonza mafiliji mu tauni, mathireyi ndinawotcheretsa ndekha, ndipo pulogalamu yonse ndinalemba ndi zala zanga zomwezi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kakampani koika mapampu a sola mu Chipata. Tinalipo asanu, ofesi ya zipinda ziwiri, ndi njinga yamoto imodzi imene aliyense ankaiyesa yake. Ine gawo langa linali timakompyuta toyendetsa mapampuwo. Si kompyuta za m'maofesi zija ayi. Ndi kabokosi kokwana m'manja, kopanda sikirini, kopanda polembera, ndipo luso lake ndi limodzi basi: kuchita chinthu pa nthawi yake yeniyeni, osachedwa ngakhale pang'ono. Kamene ndinaika m'makina a mazira kankayeza kutentha sekondi iliyonse. Kukazizira kayatse waya wotenthetsa pompo, kukatentha kazimitse. Kankasamalanso chinyontho cha m'katimo, kupendeketsa mathireyi pa maola awiri aliwonse monga nkhuku imatembenuzira mazira ake, ndiponso kuwerenga masiku. Kuwerenga masikuko n'kofunika. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo masiku atatu omaliza silitembenuzidwa konse. Mwanapiye amakhala atalunjika kale poti aboolere, komanso amafuna chinyontho chambiri kuti asakanirire m'chigoba.

Azakhali ndi alongo awo aakulu a bambo anga. Zaka zambiri ndiwo ankatsogolera azimayi a mu mphakati wawo wa Chikatolika. Akati Loweruka tikapalire munda wa mtedza wa gulu, anthu ankapita. Akati wakuti wadwala, aliyense abwere ndi kambale ka ufa, ufa unkabwera. Sankakweza mawu, koma mawu awo anali ndi malo ake pamudzipo.

Ndiwo anakopa azimayi khumi ndi anayi kuti alande nkhuku zawo mazira n'kuwapereka ku filiji yakufa. Musaone ngati n'zophweka. Kumudzi dzira salitola mwachisawawa, chifukwa munthu akaliyang'ana amaona kale nkhuku ya Khirisimasi. Zinawatengera miyezi iwiri. Ankawauza kuti thadzi likakhalira mazira limasiya kuikira nthawi yaitali, pomwe makina akakhalira m'malo mwake lidzabwerera msanga kuikira. Wina anafunsa kuti nanga makinawo akafa. Azakhali anayankha kuti mwana wa achimwene awo adzakhala akuwaona ali ku tauni konko, usana ndi usiku. Mazira anasonkhana mazana awiri, lililonse lili ndi chizindikiro cha mwini wake cha pensulo: wina mtanda, wina mizere iwiri, wina kadontho. Mazira amenewo akanawonongeka, azimayi aja sakanawamveranso azakhali monga kale. Iwo ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa.

Tsiku loika mazira ndinalankhula nawo mosayenera munthu wamkulu. Ndili ndi mtima wapachala, ndipo mapampu anali atandiphunzitsa kusakhulupirira manja a anthu. Kwina ndinapeza atadula waya wa pampu n'kumangira khola la mbuzi. Kwina anafunditsa kakompyuta nsalu yoluka, akuti fumbi, mpaka kanapsa. Tsono ndinawaonetsa azakhali kaswichi kofiira kozimitsira mota ya mathireyi, kenako n'kuwauza kuti, "Koma inu musakhudze chilichonse. Kaya kalire, kaya kakhale chete, musakhudze. Chikavuta ndikonza ndili ku Chipata."

"Chabwino, mwanangu," anatero. Anakhoma chitseko cha kanyumba ka makinawo, kiyi n'kumangirira pa ngodya ya chitenje.

Sindinkanama pamene ndinkati ndikonza ndili kutali. Timakompyuta timeneti nthawi zina timakomoka, makamaka magetsi akatsika mwadzidzidzi. Mbali yogwira ntchito imaima njii, koma mbali yomvetsera netiweki nthawi zambiri imakhala ikadali maso. Mankhwala ake ndi akale aja, kuzimitsa n'kuyatsanso. Pofuna kuti ndisamakwere njinga ulendo wonse wa ku Chipangali chifukwa cha ntchito ya mphindi imodzi, ndinaikako modemu yokhala ndi simu khadi, n'kulemba kapulogalamu pa laputopu yanga. Kankagogoda kwa kakompyutako kudzera pa netiweki, kupereka mawu achinsinsi, n'kutumiza lamulo limodzi loti zima, udzukenso. Kenako kankadikira, kumafunsa pa masekondi asanu aliwonse ngati kuli yankho. Ndinakayesa pa tebulo la mu ofesi maulendo oposa makumi atatu, ndipo sikanalepherepo. Ndinkakanyadira kwambiri kapulogalamu kameneka.

Masiku khumi ndi asanu ndi anayi anadutsa bwinobwino. M'mawa uliwonse ndikafika ku ofesi ndinkayamba ndi mazira, ntchito ya abwana pambuyo. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu mathireyi anasiya okha kupendekeka, chinyontho chinakwera, monga ndinalembera.

Tsiku la makumi awiri linali Lachinayi, mu Juni, kozizira kwa kuno kuja kolowa m'mafupa. Nditatsegula laputopu ndinapeza nambala ya kutentha ili yabwino kwambiri. Ndinathira tiyi, n'kuyang'ananso. Inali yomweyo. Ndinabwerera m'mbuyo m'zimene makina ankatumiza, ndipo ndinaona kuti kwa mphindi makumi anayi nambalayo sinasunthe ngakhale kadontho. Kutentha kwenikweni sikuima chonchi, kumakwera pang'ono n'kutsika pang'ono. Kakompyuta kanali katakomoka, ndipo sindinkadziwa ngati kanakomoka waya wotenthetsa uli woyaka kapena wozima.

Ndinaimbira azakhali. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso kawiri, chimodzimodzi. Ndinang'ung'udza zimene anthu a mu tauni timang'ung'udza, kuti foni anagulira chiyani ngati ikhala pansi pa pilo. Kenako ndinatumiza lamulo lija.

Mphindi imene imatsatira lamulo limeneli siizoloweleka. Wazimitsa ndi dzanja lako chinthu chokhacho chimene chimakuuza zimene zikuchitika kutaliko, ndipo chikapanda kudzuka palibenso chimene ungachite uli pampando. Laputopu inkangolemba mzere ndi mzere kuti palibe yankho. Mnzanga woika mawaya anabwera kudzaima kumbuyo kwanga ndi kapu yake.

"Wapha nkhuku za azakhali ako?" anafunsa.

"Dikira uone," ndinatero.

Patatha mphindi imodzi ndi pang'ono yankho linabwera. Kutentha kunali kutatsika ndi madigiri atatu, ndipo kunayamba kukwera ndikuona. Pomatha theka la ola kunali kutabwerera m'malo mwake. Ndinamuuza mnzangayo kuti akanakhala iye bwenzi akadali pa msewu wa ku Lundazi kulowera ku Chipangali, fumbi lili mbuu m'kamwa, ine ntchito ndamaliza tiyi asanazizire. Ndinatseka laputopu n'kupita kukagula mapaipi.

Cha m'ma leveni amayi anga anandiimbira. Anati kwa azakhali kwagwa zovuta. Alamu awo aakazi, achemwali a malemu amuna awo, amene ankakhala nawo pa bwalo limodzi, amwalira usiku wathawu. Maliro aikidwa mawa. Ndinapepesa, n'kumvetsa chifukwa chake foni sinkayankhidwa. Azakhali ndiwo mayi wamkulu pa banja limenelo, ndipo malo awo anali m'nyumba ya siwa, pafupi ndi mtembo.

Nditabwerera ku ofesi ndinatsegulanso laputopu. Makina sankayankha. Anali atasiya kutumiza chilichonse teni koloko itangokwana. Ndinayang'ana mzere womaliza umene unafika, ulendo uno wonse, osati nambala ya kutentha yokha. Kutentha kunali bwino. Chinyontho chinali chitatsika. Kumapeto kwa mzerewo kunali mawu oti tsiku loyamba.

Ndinazindikira nthawi yomweyo. Chiwerengero cha masiku kakompyuta kankangochisunga m'mutu, sindinakalamule kuti kazichilemba pamalo posafufutika. Ukakazimitsa kamaiwala. Maulendo onse amene ndinayesa pa tebulo aja makina anali opanda mazira, ndipo tsiku linali loyamba ndisanazimitse, loyambanso nditayatsa, ndiye ndinalibe choti n'kuona. Tsopano kanadzuka ku Chipangali n'kuganiza kuti mazira angoikidwa kumene. Kanatsitsa chinyontho, n'kuyambanso kupendeketsa mathireyi odzaza anapiye amene anali atayamba kuboola.

Ndinachita mantha, koma manyazi ndiwo anali aakulu. Kukonza kwake kunali mzere umodzi, kukauza kuti lero ndi tsiku la makumi awiri. Koma modemu inali zii, ndipo ndinalibe polowera. Ndinaimbira aliyense wa pamudzipo amene ndinali ndi nambala yake. Mafoni ankalira, osayankhidwa. Ndinaika laputopu m'chikwama, n'kutenga njinga ya kampani osapempha.

Ndinafika masana, cha m'ma fotini. Pa maliro safika ndi phokoso la injini, choncho ndinazimitsa njinga ndikadali kutali, n'kuikankha kudutsa m'munda wa thonje. Anthu anali atadzaza. Azimayi a kwaya ankaimba kukhonde, ndipo wina anali atawabweretsera sipika. Amuna anali atakhala pa zipika pansi pa mtengo wa mango.

Kanyumba ka makina kanali pomwepo, mapazi ngati makumi awiri kuchokera pamene panali amunawo. Chitseko chinali chokhoma, koma zenera linali lotsegula, ndipo panatuluka chingwe cha magetsi chokhala ndi adaputala, pa adaputalapo panalumikizidwa inzake, ndi inanso. Mafoni anali ataunjikana pa zenera ndi pa mpando, waya wa sipika unkachokeranso pomwepo. Pamudzi wonsewo sola yamphamvu inali ya makinawo yokha. Anthu anabwera usiku ndi m'mawa kuchokera kutali, aliyense akufuna kudziwitsa abale, ndipo wobwera kudzakhuza maliro sumukaniza moto wa foni. Zimenezi n'zimene zinatsitsa batire dzuwa lisanakwere mpaka kakompyuta kukomoka. Kenako wina, posowa pobaya, analowetsa dzanja pa zenera n'kuzula pulagi imene inali pafupi, ya modemu. Mafoni amene ndinkaimbira aja ankalirira pa mulu umenewo.

Ndinaona zonsezi ndikudutsa, koma sindikanakhota. Munthu akafika pa maliro amayamba wakhala pansi. Ndinakhala pa chipika, chikwama pa miyendo. Patapita kanthawi bambo wina wachikulire wa kubanjako anabwera kudzanjuta patsogolo panga kuti andifotokozere zovutazo, monga amachitira ndi aliyense wofika. Anayambira pa chifuwa chimene chinawagwira malemuwo mu Febuluwale. Anafotokoza za ulendo woyamba wa ku chipatala, mankhwala amene anapatsidwa, mmene anapezerako bwino mpaka kukolola nawo mtedza, ndi mmene miyendo inayambira kutupa. Sanadumphe kalikonse, ndipo sankayenera kudumpha. Ine ndinkavomera kuti, "Pepani, pepani ndithu."

Ali m'kati mofotokoza, kwaya inapuma, ndipo ndinamva mota ya mathireyi ikulira m'kanyumba muja. Imalira mokoka, masekondi angapo, kenako kuti khethe. Nkhani ya bamboyo inali itafika pa Lamlungu lapitalo. Ndinamvetsera mpaka anamaliza.

Atatha ndinapita ku nyumba ya siwa, n'kuvula nsapato, n'kulowa chogwada. Munali mdima ndi fungo la utsi. Azakhali anali atakhala kumutu kwa mtembo, miyendo atatambasula, maso ofiira. Ndinawagwira dzanja n'kupepesa. Sanandifunse kanthu. Anamasula ngodya ya chitenje pansi pa nsalu imene anafunda, n'kundiika kiyi m'manja mwakachetechete.

Ntchito yeniyeniyo sinatenge mphindi imodzi. Ndinalumikiza laputopu ndi chingwe, n'kulemba mzere uja. Mathireyi anabwerera pakati n'kuima, chinyontho chinayamba kukwera. Kenako ndinasuzumira pa galasi. Anapiye ena amene anaswa m'mawa anali atatsetsereka n'kugwera pansi, awiri atapanikizika pakati pa thireyi ndi khoma la bokosi. Mazira ambiri anali ndi kabowo, milomo ikuoneka, koma kachikopa ka m'kati kanali katauma n'kuyera ngati pepala. Ena ankalirabe m'zigobamo. Ndinazula foni imodzi, sindikudziwa ya ndani, n'kubwezera modemu. Mafoni enawo ndinawasiya, chifukwa dzuwa linali litadzaza kale batire.

Maliro anaikidwa Lachisanu. Loweruka m'mawa ine ndi azakhali tinatsegula makina. Anapiye amoyo analipo makumi anayi ndi mmodzi. Iwo ankatola mazira osaswa limodzilimodzi, kuyang'ana chizindikiro cha pensulo, n'kuika m'ndowa.

"Ndine ndinawalola mafoni," anatero. "Sindikanawakaniza."

Ndinawauza kuti mafoni anangokomola kakompyuta, ndipo zikanathera pomwepo tikanataya ochepa. Chimene chinapha anapiye ndi kudzutsa kwanga kuja. Ndinafotokoza za masiku oiwalika, ndi za mathireyi amene anayambanso kupendekeka.

"Ndinawamva," anatero. "Kanayi. Nyumba ya siwa ija yagundana khoma ndi kanyumba kano."

"Nanga bwanji simunatume munthu adzazimitse kaswichi kofiira kaja?"

Anandiyang'ana, dzira lili m'manja.

"Unati tisakhudze. Ndinadabwa ndithu, chifukwa unandiuza kuti masiku omaliza satembenuza. Koma ndinati ndiwe uli ku tauniko, mwina ukuona zimene ife sitikuona."

Ndinanyamula ndowa n'kukakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe.

Lamlungu Misa itatha azimayi aja anakumana pa bwalo la azakhali, ndipo ndinapempha kuti ndilankhule. Ndinanena zonse momveka, kuti kulakwa n'kwanga, kuti azakhali anachita ndendende zimene ndinawauza. Anandimvetsera mwaulemu. Panalibe wotukwana, panalibe wokweza mawu, mwina chifukwa pabwalopo panali padakali phulusa la moto wa maliro. Nditakhala pansi mayi wina, amene anapereka mazira ambiri kuposa onse, anakonza mpango wake n'kunena kuti, "Tamva, bambo, zikomo. Koma ife inuyo sitikudziwani. Ife mazira tinapereka kwa amayiwa."

Anapiye alibe chizindikiro cha pensulo, choncho anangogawana, ena atatu, ena awiri. Azakhali sanatengeko ngakhale mmodzi. Azimayiwo ananyamula anapiye awo m'mabeseni ndi m'makatoni, n'kutsanzika bwinobwino.

Lolemba ndinakonza pulogalamuyo. Inali mizere itatu: kakompyuta kazilemba tsiku pamalo posafufutika, kazililemba ola lililonse, ndipo kakadzuka kaziyamba kawerenga pamenepo kasanasunthe chilichonse. Kapulogalamu ka pa laputopu ndinakaonjezera kuti kazifunsa tsiku kasanazimitse, n'kufunsanso kakadzutsa, ndipo akasiyana kaziimitsa mota. Ndinayesa pa tsiku lachisanu, la khumi ndi chisanu ndi chinayi, la makumi awiri. Loweruka lotsatira ndinakatsekera modemu m'bokosi lachitsulo, n'kuika soketi ina panja, ya batire yakeyake, yoti anthu azitchajira mafoni. Ndinawauzanso azakhali kuti akamva chachilendo azizimitsa kaswichi kofiira osadikira ine. Anangoti, "Chabwino, mwanangu."

Mwezi wotsatira analengeza ku mphakati kuti makina akonzedwa, amene akufuna abweretse mazira pofika Lachitatu. Anadikira mpaka Lachisanu. Amene analowa m'makinamo anali mazira makumi awiri ndi anayi, onse a nkhuku zawo, pa ngodya imodzi ya thireyi yapamwamba. M'kati mwa masikuwo kakompyuta kanakomokanso kamodzi, ndinakadzutsa ndili ku ofesi, ndipo kanadzuka kakudziwa tsiku lake. Anaswa onse kupatula awiri. Azakhali anandiimbira kundiuza, ndipo ndinawafunsa kuti azimayi aja akuti bwanji.

"Palibe wabwera kudzaona," anatero.